Bambo akufuna kuona ana, koma ine ndili ndi mantha

Azakhali,

Ndinachoka pabanja chifukwa amuna anga ankandimenya, nthawi zina ana akuona. Pano akufuna azicheza ndi anawo, ndipo abale awo akuti ndine wouma mtima. Wamkulu amawasowa bambo ake, koma wamng'ono akangomva mawu awo amandikakamira. Ndilole kapena ndikane?

Mayi wa ana awiri

Mwana wanga,

Kumeneko si kuuma mtima. Nthawi imene mkazi wangochoka kwa mwamuna wankhanza ndi imene ngozi imakula, ndipo amuna otere amakonda kupezerapo mpata popatsirana ana.

Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, mu gawo 9, limati mwana ali ndi ufulu woonana ndi makolo onse awiri, pokhapokha ngati kutero sikungamuchitire ubwino. Ndiye njira ilipo: bambowo aziona ana pamaso pa munthu woyang'anira.

Pita kukhoti, kapena uyambire ku ofesi yoona za chisamaliro cha ana, kuti zonse zilembedwe, chifukwa za pakamwa zimasintha. Upemphe malo oti si kwawo komanso si kwanu, tsiku ndi maola odziwika. Inu awiri musakumane. Iwo azifika kaye, iwe uzisiya ana m'manja mwa woyang'anira. Pobwerera uziyamba ndiwe kunyamuka, iwo atsalire kaye kuti asakulondole.

Pa nkhani ya woyang'anirayo ndiye usagonje ngakhale pang'ono. Asakhale mayi awo kapena mlongo wawo, anthu amene akukunena kale aja. Pakufunika munthu wosakondera, wokhala pafupi moti azimva mawu alionse, wosalola zonong'onezana. Bambo akayamba zoti "Amayi anu akukhala kuti? Kunyumba kumabwera ndani?" kapena kukunyoza pamaso pa ana, iye ali ndi mphamvu yothetsa machezawo pomwepo ndi kulemba zimene zachitika. Ana akapatsidwa foni, uyiyang'ane bwino, chifukwa foni imatha kuulula kumene mukukhala.

Wamkuluyo usamudzudzule chifukwa chowasowa bambo ake, ndipo akabwerako usamupanikize ndi mafunso. Wamng'onoyo ndi amene akundidetsa nkhawa. Mwana amene anaona mayi ake akumenyedwa nayenso anavulala mumtima. Akayamba kukodza pogona, kulota zoopsa kapena kukana kudya akabwerako, uzilemba ndi tsiku lake, ukawaonetse a khoti, ndipo upemphe kuti machezawo aunikidwenso.

Azakhali