Phulusa si chizindikiro cha umphawi

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Nchalo amene wangolowa kumene m'banja. Akuti ndalama yogulira mankhwala otsukira a m'mabotolo ikumatha mwezi usanafike pakati. Apongozi ake akumuuza kuti azitsukira phulusa, koma anzake akumuseka. Akufunsa ngati phulusa limayeretsadi.

Achemwali, kusekedwa kumeneko ine ndikukudziwa. Ndinakulira kwa agogo anga ku Ngabu. Madzi a pamjigo wathu anali amchere, monga ilili mijigo yambiri m'boma la Chikwawa, moti sopo ankangosungunuka m'manja, thovu osaoneka. Agogo ankasunga phulusa la nkhuni m'phale kuseri kwa khitchini. Mbale yamafuta ankaipaka phulusa lonyowa, kunsi kwa poto ankakwecha ndi mchenga, kenako zonse pathandala. Dzuwa la kuno mukulidziwa, mu Okutobala kutentha kumapyola madigiri 40. Pofika masana mbale zili mbee, zouma gwa.

Nditakwera mtunda wa Thabwa kukaphunzira ku Blantyre, mnzanga wina anandipeza ndikutsuka poto ndi phulusa n'kuitana anzake kuti adzaone. Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo ndinatha zaka ndikugula mabotolo onunkhira ndi ndalama imene ikanagula ndiwo. Zimandiwawabe. Botolo likatha ndinkaliponya kudzala, osaganiza kuti mvula ikagwa limalowa m'ngalande, n'kukathera mu Shire ndi m'dambo la Elephant Marsh, komwe asodzi amatigwirira nsomba zomwe timadyazi.

Ndinene mosabisa: woseka phulusa sadziwa chimene akuseka. Mphamvu imene ili m'chidulo, yofewetsa therere ija, ndi yomweyo imene imasungunula mafuta pambale. Makolo athu sankachita izi chifukwa chosowa chabe ayi. Ankadziwa. N'chimodzimodzi kuzira. Nyumba yozira bwino ndi dothi la kudambo imazizira pansi, fumbi silibuka, koma lero mtsikana akamazira akuti ndi wotsalira. Wotsalira ndani? Fungo la maluwa a m'botolo si ukhondo.

Komabe pali malire, ndipo ndinawaphunzira mowawa. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, madzi analowa m'nyumba ya mchemwali wanga ku Bangula atasakanikirana ndi za m'zimbudzi. Nthawi imeneyo kolera, amene anayamba mu 2022, anali atapha kale anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Pamenepo sitinadalire phulusa. Tinakolopa ndi klorini amene alangizi a zaumoyo ankagawa, ndipo madzi akumwa tinkathira WaterGuard. Pakakhala matope a chigumula, kapena munthu wotsekula m'mimba pakhomo, musachite kuganiza kawiri, gwiritsani ntchito klorini.

Zoti muchite

Sefani phulusa la nkhuni zokhazokha, osati la moto woyatsira mapulasitiki. Lisakhalitse m'manja chifukwa limawononga khungu, ndipo mapoto opepuka a aluminiyamu musawaviikemo, amada. Zoyera zouma zimene madzi amchere amasiya m'ketulo kapena pandowa zimachoka ndi madzi a mandimu kapena viniga, ngakhale bwemba wonyika amathandiza. Soda wophikira uja amachotsa fungo m'zigubu. Kuchimbudzi, wazani phulusa louma pabowo n'kuvundikira, ntchentche zimachepa. Klorini musamusakanize ndi mandimu kapena viniga, mpweya wake ndi wapoizoni.

Sopo wosambira m'manja musamusiye, ameneyo muzigulabe. Ndalama yotsalayo gulani chidebe chovundikira cha madzi akumwa. Ndipo apongozi anuwo, apempheni akuonetseni mmene amasefera phulusa lawo.