Mawu akuti "boma" sanabadwire mu ofesi ya mzungu

Sabata yatha mayi wina wophunzitsa ana ananditumizira imelo yofunsa ngati n'zoona kuti "boma" ndi chidule cha British Overseas Military Administration. Ana a m'kalasi mwawo anawafunsa, ndipo iwo sakufuna kuwanamiza. Mayi, funso lanu landigunda pachilonda, chifukwa bodza limeneli ine ndinalisenza zaka zoposa 15.

Ndinalimva ndili kusekondale. Aphunzitsi athu a mbiri yakale analemba pabolodi zilembo zinayi, B, O, M, A, china pansi pa chinzake, n'kuyamba kuika mawu achingerezi kutsogolo kwa chilichonse. Tonse kukamwa kunangoti yasa. Ndinakopera m'kope, patchuthi ndinakauza abale anga, ndipo nditayamba ntchito ndinkauzabe aliyense wofuna kumva. Tsiku lina titatuluka mumsonkhano ndinaifotokozanso nkhaniyi, ndipo bambo wina wachikulire amene anakhalapo nthawi yaitali ku Tanzania anandimvetsera mpaka kumapeto. Sanafune kundichititsa manyazi pagulu. Anandikokera pambali n'kundifunsa kuti, "Mwana wanga, munthu wolankhula Chiswahili akamangira ng'ombe zake khola la minga n'kulitcha boma, ndiye kuti ng'ombezo ndi asilikali a Angerezi?" Ndinasowa chonena. Usiku umenewo ndinkangoganiza za anthu onse amene ndinawauza, omwe mwina anali atauzanso ena.

Zoona zake n'zakuti m'Chiswahili boma ndi mpanda wolimba, linga kapena khola lotetezedwa. Henry Morton Stanley, mzungu woyendayenda wofufuza malo mu Afirika, ankalemba mawuwa cha m'ma 1870 pofotokoza mipanda ya misasa yake, ndipo alimo m'dikishonale ya Chiswahili ya mmishonale Johann Ludwig Krapf yomwe inasindikizidwa mu 1882. Ulamuliro wa Angerezi kuno ku Malawi unakhazikitsidwa mu 1891. Mawu angakhale bwanji chidule cha ulamuliro umene unali usanafike? Ndipo Ajeremani, amene analamulira dera lomwe lero ndi Tanzania, nawonso ankatcha malinga awo boma. Chimene chinachitika n'chosavuta kuchiona. Atsamunda ankamanga maofesi awo mkati mwa mpanda, anthu n'kumati "ndikupita kuboma" potanthauza malowo, kenako dzinalo linasamukira kwa okhalamo, mpaka linadzakhala dzina la ulamuliro wonse.

Nkhaniyi imandipwetekabe. Mawu ndi athu, Aafirika, ndipo anayenda m'kamwa mwa amtengatenga ndi amalonda kuchokera kunyanja yamchere kufika kuno. Koma ife eni ake tinawanyamula n'kukawapereka kwa mzungu, ngati kuti mawu olemekezeka sangatuluke m'khola la ng'ombe. Poyamba ndinkati ndi kulakwitsa kwabwinobwino. Pano ndimati ndi kudzipeputsa, ndipo tikakuphunzitsa m'kalasi tikupatsira ana matenda omwewo. Mvetseraninso mmene onena nkhaniyi amasiyanirana. Wina amati M ndi Military, wina Management, winanso amati dzina lonse ndi British Officers' Mess Area. Chidule chenicheni sichikhala ndi makolo atatu.

Chondidabwitsa n'chakuti mbiri zenizeni za mawu zimakoma kuposa zopekazo. Tengani Cashgate ya 2013. Ndinamvapo munthu akufotokoza ndi mtima wonse kuti dzinali linabwera chifukwa ndalama zinkatulukira pageti. Ayi. Watergate ndi dzina la nyumba zina ku Washington, kumene mu June 1972 anagwira anthu atathyola ofesi ya chipani cha Democratic, ndipo mlanduwo unachititsa Richard Nixon kutula pansi upulezidenti wa America mu August 1974. Kuchokera pamenepo atolankhani anadula mchira wa dzinalo, "gate", n'kumaumata pa nkhani iliyonse yamanyazi ya andale. South Africa inali ndi Muldergate yake kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ife tisanakhale ndi yathu.

Nayo dola inachokera kuchigwa. Cha m'ma 1520, ku Joachimsthal ("thal" ndi chigwa m'Chijeremani) m'dera la Bohemia ku Ulaya ankasula ndalama zasiliva zotchedwa Joachimsthaler. Anthu anafupikitsa kukhala thaler, ndipo dzinalo linasinthasintha m'malilime mpaka kukhala dollar. Mawu achingerezi akuti boycott ndi dzina la munthu, Charles Boycott, woyang'anira minda ku Ireland amene mu 1880 anthu anakana kumugwirira ntchito ngakhale kumugulitsa kanthu. Zoti chipani n'chakumanzere kapena chakumanja zinayamba mu 1789 ku France, pomwe okonda mfumu ankakhala kudzanja lamanja la wapampando wa nyumba ya malamulo, ofuna kusintha zinthu kumanzere. Ndiye pali kwacha wathu, amene analowa m'malo mwa paundi mu 1971. Uyu safuna wotanthauzira. "Kwacha!" unali mfuwu wa pamisonkhano yomenyera ufulu, ndipo tambala ndi amene amalengeza kuti kunja kwacha. Mawu amenewa anayamba kumveka pabwalo asanalembedwe papepala la banki.

Nanga ana muwauze chiyani?

Auzeni kuti si zoona, ndipo muwapatse zaka ziwiri zija, 1882 ndi 1891, aziyerekeze okha. Akadzamva mbiri ina ya mawu, azifunsa kuti mawuwo analembedwa koyamba liti, ndiponso ngati ali m'zinenero zoyandikana nafe. Azikayikira kwambiri akauzidwa kuti mawu akale ndi chidule, chifukwa chizolowezi chopanga mawu kuchokera ku zilembo zoyambirira chinafala m'zaka za m'ma 1900. Zidule zakale zilipo ndithu, koma zimasiya mapazi. OK anaonekera m'nyuzipepala ina ya ku Boston mu 1839 ngati chidule cha "oll korrect", kalembedwe kolakwitsa dala ka "all correct", ndipo tsamba la nyuzipepalayo lilipo mpaka lero. Wokuuzani za British Overseas Military Administration mumupemphe akuonetseni kalata imodzi yokha ya atsamunda yokhala ndi dzina limenelo pamwamba.