Jenereta iyezeni musanalipire

Achemwali, mwafunsa kuti geni ya majenereta ochokera ku Joni imayenda bwanji, ndiponso kuti ndimatani kuti makasitomala asamandibwezere katundu. Za njira sizivuta: Johannesburg, Beitbridge, Nyamapanda, Tete, kenako Mwanza, kumene a MRA amafuna risiti kuti awerengere msonkho. Risiti muisunge pamodzi ndi pasipoti. Pamene anthu amaluza mpamba ndi popikula. Jenereta ikafika ku Limbe ili yosalongosoka, amene anakugulitsani uja simudzamuonanso.

N'chifukwa chake m'chikwama mwanga simusowa ka Arduino Uno, kakompyuta kakang'ono kamene ndimayezera jenereta, kokhala ndi kasikirini. Magetsi a kwathu ndi a ku South Africa onse ndi a 50 Hz, ndiye kuti amapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi, ulendo umodzi mamaikirosekondi 20,000 (sekondi imodzi ili ndi mamaikirosekondi 1,000,000). Jenereta yaing'ono ya petulo imapereka zimenezi injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi. Ka Arduino kamangowerenga nthawi ya ulendo umodziwo n'kuionetsa pa sikirini.

Koma chonde, magetsi a 230 V asakhudze Arduino. Amayamba adutsa mu kathiransifoma kowatsitsa, kenako mu optocoupler ngati PC817, imene imawasandutsa chizindikiro chongoyaka ndi kuzima. Chizindikirocho chimalowa mu Arduino pa pini 2. Chikangoyaka, kachipangizoka kamalemba nthawi ndi micros(), lamulo la Arduino lowerengera mamaikirosekondi, n'kuchotsera ya ulendo wapita. Uno imawerenga modumpha mamaikirosekondi 4, zimene pa 20,000 si kanthu.

Wogulitsa amakonda kuiliza jenereta ili yopanda ntchito, ikulira mokoma. Musakhutire. Ine ndimapempha kuti tilumikize ketulo kapena ayironi, maso anga ali pa sikirini. Nambala ikakwera pang'ono n'kubwerera pafupi ndi 20,000, gavanala, imene imawongolera liwiro la injini, ili bwino. Ikafika cha ku 21,300 n'kukhala pomwepo, magetsi atsikira ku 47 Hz, injini ikulemedwa, ndipo mphamvu zimene alemba pakatoni musazikhulupirire. Ikamangovinavina, ndimaisiya ngakhale atsitse mtengo bwanji, chifukwa wokaigula ndi mayi wa saluni kapena bambo wa butchala amene firiji ndiye moyo wake. Mukaona 16,667, imeneyo ndi ya 60 Hz, yopangidwira mayiko ngati America, si ya kuno.

Kachipangizoka kamayeza nthawi yokha, mavoti sikawaona. Choncho multimeter, yoyezera mavotiwo, musaisiye kunyumba, ndipo muyeze jenereta imene mutanyamuleyo, osati ya pashelefu imene amaonetsa aliyense.