Kakompyuta ka m'manja kangalowe m'malo mwa laputopu?

Achimwene, mwafunsa ngati kakompyuta ka m'manja, kaja ka sikirini ya mainchi 6 mpaka 9, kangalowe m'malo mwa laputopu pa ntchito zanu zitatu: kulemba malipoti, kuyendera ma router ndi ma switch (zida zolumikizira netiweki) a makasitomala, komanso kusewerako magemu madzulo. Pa ntchito yoyendera makasitomalayo kamaposa laputopu. Magemu kamakwanitsa, bola mudziwe malire ake. Pa kulemba malipoti m'pamene pagona nkhani, ndipo amene amakhumudwa ndi timakompyuta timeneti kawirikawiri amakhumudwira pamenepo.

Musiyanitse kaye mitundu iwiri, chifukwa otsatsa malonda amangoiphatikiza. Pali tokhala ndi kiyibodi, totseka ngati laputopu, monga GPD Pocket, GPD MicroPC ndi GPD Win Mini. Ndiye pali topanda kiyibodi, tokhala ndi mabatani a magemu uku ndi uku: Steam Deck ya Valve yomwe inatuluka mu February 2022, ROG Ally ya ASUS ya mu 2023, ndi Legion Go ya Lenovo ya chaka chomwecho. Tonseti ndi makompyuta enieni, a purosesa ya Intel kapena AMD, osati mafoni aakulu. Ganizoli si latsopano ayi. Mu 2006 Microsoft ndi Intel anayesapo ndi pulojekiti yomwe ankaitcha Origami, Samsung n'kutulutsa Q1 ya mainchi 7, koma batire silinkachedwa kutha ndipo Windows XP sinapangidwire kudina ndi chala. Mapurosesa a masiku ano achepetsako vuto la batire. La zala ndi maso likadalipo.

Munthu wa netiweki amagwira ntchito chiimire, mwina ali pa makwerero, mwina wapanikizika kuseri kwa kabati ya ma switch komwe kulibe tebulo. Laputopu imafuna poikhazika. GPD MicroPC ya mu 2019 inapangidwira anthu oterowo. Sikirini yake ndi ya mainchi 6, imalemera magalamu pafupifupi 440, ndipo ili ndi malo osomekapo chingwe cha netiweki cha RJ45, HDMI, USB-A atatu, ndi serial ya RS-232 ya mapini 9 ija yomwe malaputopu anaisiya kalekale. Mumaigwira ndi manja awiri n'kumalemba ndi zala zazikulu. Purosesa yake, Celeron N4100, ndi yofooka: terminal (windo yolembamo malamulo) ndi masamba ochepa a pa intaneti imatha, magemu atsopano iwalani. Pocket 3 ya mainchi 8 ili ndi kagawo kochotseka kumbuyo, komwe mungaikepo serial kapena KVM, yomwe imasandutsa kakompyutako kukhala sikirini ndi kiyibodi ya seva yopanda monita.

Kulowa mu switch kudzera pa console, bowo la serial loiyendetsera mwachindunji, kuli motere. Somekani chingwe, tsegulani Device Manager, muone pansi pa Ports kuti ndi COM nambala chani. Mu pulogalamu ya PuTTY sankhani Serial, lembani COM imeneyo, liwiro 9600, data bits 8, parity None, stop bits 1. Zida zambiri za Cisco zimayankha pa 9600, za MikroTik pa 115200. Mukaona zilembo zosokonekera zosawerengeka, chingwe chilibe mlandu, liwiro ndi lomwe lalakwika. Pakangokhala bii, dinani Enter kawiri. Pakapanda kutulukabe kanthu, kayikirani chingwe, chifukwa zingwe za console zimafanana kunja kokha, mkati mawaya analumikizidwa mosiyana. Pa router yatsopano ya MikroTik, adiresi yake ndi 192.168.88.1, koma musasomeke pa ether1: pa zambiri malo amenewo ndi olowera intaneti ndipo firewall, chitetezo cha router, imakaniza kulowera pamenepo. Somekani pa ether2, ndipo zimitsani kaye Wi-Fi kuti kompyuta isasokonezeke njira.

Mukagula kopanda serial ndi RJ45, ntchito imathekabe ndi zingwe zosinthira za USB. Pa serial funani cha chip ya FTDI, chifukwa zotchipa zambiri zimakhala ndi chip yachinyengo yomwe driver ya Windows imaikana. Dziwaninso kuti Steam Deck ili ndi USB-C imodzi yokha, yomweyonso yotchajira, ndiye popanda hub yochulukitsa mabowo simungasomeke zinthu ziwiri.

Tsopano malipoti aja. Pa kiyibodi yabwinobwino, kuchoka pakati pa batani limodzi kufika pakati pa linzake ndi mamilimita 19, ndipo zala zanu zinazolowera mtunda umenewo. Pa kachipangizo ka mainchi 7 sizingakwane. Opanga amachepetsa mabatani, ena amawasamutsa: chizindikiro cha koma (,), cha funso, Tab ndi Delete mumazipeza pamalo achilendo, zina mpaka mutadina Fn. Pasiwedi, malamulo a mu terminal, imelo ya mizere isanu, zonsezo n'zotheka. Lipoti la masamba khumi mudzalimva m'manja ndi m'khosi. Topanda kiyibodi tija ndiye musayerekeze n'komwe, kiyibodi ya pa sikirini imaphimba pafupifupi theka la zomwe mukulemba.

Sikirini nayo ili ndi msampha wake. Ya 1920x1080 pa mainchi 7 ili ndi timadontho pafupifupi 315 pa inchi. Mukasiya Scale pa 100%, kudina kabatani ndi chala kuli ngati kulowetsa ulusi pa singano. Mukakweza kufika 200%, zilembo zimawerengeka bwino, koma malo ogwirira ntchito amatsala ngati a sikirini ya 960x540, ndipo mapulogalamu akale amatsegula kawindo kotalika kuposa pamenepo, batani la OK n'kubisala pansi pomwe simungalifike. Pa 150% mumatsala ndi 1280x720, ndipo apa m'pamene ambiri amakhazikika. Kawindo kakabisa OK, dinani Alt ndi Space pamodzi, kenako M, n'kukakankhira m'mwamba ndi mabatani a mivi. Microsoft yeniyeniyo, pa zofunika za Windows 11, inalemba sikirini yoposa mainchi 9. Imayendabe pa yaing'ono, koma zikuonetsa kuti sanaganizire ife a mainchi 7.

Mankhwala ake ndi dock, kachipangizo kolumikizira zida zonse za pa desiki pamodzi. Pa desiki pakhale monita, kiyibodi ndi mawusi zosomekeratu, inu mukafika n'kungosomeka chingwe chimodzi cha USB-C. Pamenepo kakompyuta ka purosesa ya AMD Ryzen ya masiku ano sikasiyana ndi laputopu yabwino. Onetsetsani kuti USB-C yakeyo ili ndi DisplayPort Alt Mode kapena USB4, apo ayi chithunzi sichituluka. Ndiye dzifunseni kuti malipotiwo mumalembera kuti. Ngati ndi pa desiki imodzi tsiku lililonse, gulani ka kiyibodi ka mainchi 7 kapena 8, muonjezere dock, laputopu simudzaisowa. Ngati mumalembera paliponse pomwe mwapeza mpando, mudzayamba kunyamula kiyibodi yopinda, mawusi, choimikira, hub ndi pawabanki, ndipo zonsezo pamodzi zimalemera kuposa laputopu yopepuka ya mainchi 13. Pamenepo kugula kakang'ono n'kudzivutitsa chabe.

Za batire musatengere maola omwe alembedwa pa katoni. Funani nambala ya Wh, yomwe imanena mphamvu yomwe batire limasunga, muigawe ndi mawati omwe ntchito yanu imadya. Steam Deck yoyamba ndi ROG Ally yoyamba zili ndi 40 Wh, Steam Deck OLED 50 Wh, ROG Ally X ya mu 2024 ili ndi 80 Wh. Kulemba ndi kuwerenga, mutachepetsa kuwala, kumadya mawati 6 mpaka 9, ndiye 40 Wh ikusungani maola 4 mpaka 6. Gemu yolemera imafika mawati 25 kapena kuposa, batire lomwelo n'kutha pa ola limodzi ndi theka. Chomwe chimasokoneza anthu ndi TDP, malire a mawati omwe mumaikira purosesa. Mukaika 15 W, amenewo ndi a purosesa yokha, pomwe sikirini, fani, RAM ndi Wi-Fi zimadya zawo padera. Tsitsani TDP kufika 8 kapena 10, mafelemu (zithunzi za gemu) muwaikire malire pa 30 kapena 40 pa sekondi. Pa sikirini yaing'ono chonchi maso sadandaula kwenikweni, koma batire limaonjezera nthawi yooneka.

Tchaja ya foni siithandiza. Timakompyuta timeneti timafuna USB Power Delivery ya 15V kapena 20V, pomwe matchaja ambiri a foni amathera pa 5V kapena 9V. Steam Deck imabwera ndi ya 45 W, ROG Ally ya 65 W. Chingwe nacho chili ndi gawo lake: cha USB-C wamba chimaloledwa 3A, kutanthauza 60 W pa 20V, ndipo 65 W imafuna 3.25A, ndiye pafunika cha 5A chokhala ndi kachip ka e-marker. Dock imadyakonso mawati ake isanapereke otsalawo, n'chifukwa chake mumatha kuona batire likutsika chonsecho mwasomeka. Pa dock ikani tchaja ya 100 W. Pawabanki ya 20,000 mAh pa 3.7V ndi 74 Wh, koma ena amatayika ngati kutentha posintha mphamvu, ndiye yembekezerani kudzaza batire la 40 Wh kamodzi ndi theka. Okwera ndege akumbukire malire a 100 Wh, komanso kuti pawabanki imayenda m'chikwama cha m'manja.

Vuto lomwe limapha mabatire mwakachetechete ndi Sleep ya Windows. Makompyuta atsopano ambiri amagwiritsa ntchito Modern Standby, yomwe sigona tulo tenitenti: imatha kudzuka kukatenga ma update, kapena batani likakhudzidwa m'chikwama. Fani imazungulira mopanda mpweya, mukatulutsa kachipangizo kali kotentha, batire latheratu. Pitani ku Control Panel, Power Options, Choose what the power buttons do, mutsegule Hibernate ndipo muiike pa batani loyatsira. Kudzuka kumachedwa ndi masekondi angapo, koma kamakhala katazimadi. Ngati muli malo oikira malire otchaja pa 80%, ikani, makamaka kakamakhalitsa pa dock. Mukafuna kukasunga nthawi yaitali, batire likhale cha pa theka.

Kutentha n'kosapeweka pa thupi laling'ono chonchi. Musakagoneke pa bulangete kapena pilo, timabowo tolowera mpweya tili kumbuyo. Fani ikayamba kulira kwambiri pa ntchito yopepuka, ndi fumbi. Pouzira mpweya, gwirani faniyo isazungulire. Pa timakompyuta tina malo a khadi ya microSD ali pafupi ndi potulukira mpweya wotentha, ndiye mafayilo a ntchito asakhale pa khadi pokha.

RAM ndi yowotcherera pa bodi, simudzaonjezera. Imagawidwanso ndi mbali ya zithunzi, moti pa 16 GB gawo lina limapita kumeneko. Pa Windows 11 musatsike pa 16 GB ngati magemu ali m'maganizo. Chosungira mafayilo chikhale SSD ya NVMe, osati eMMC, yomwe imachedwa ndipo kawirikawiri sichotseka. Manambala a SSD ya mtundu wa M.2 amanena kukula: 2230 ndi mamilimita 22 m'lifupi, 30 m'litali. Steam Deck imalandira 2230, Ally X imalandira 2280. Khadi ya microSD pa UHS-I siipitirira 104 MB pa sekondi, pomwe NVMe imafika masauzande.

Posintha SSD, yambani ndi kiyi ya BitLocker ya manambala 48, yotsegulira mafayilo omwe Windows inakhoma, muilembe papepala kuchokera mu akaunti yanu ya Microsoft. Imafunsidwanso nthawi zina mukangosintha BIOS, ndipo pa kopanda kiyibodi mungafunike ya USB kuti muilembe. Koperanitu ma driver a Wi-Fi pa flash, chifukwa Windows yatsopano imatha kubwera isakudziwa khadi yanu. Batire litsike pansi pa 25%, zimitsani, ndipo chotsani microSD musanatsegule kakompyutako, apo ayi chivundikiro chimaithyola pakati. Masikuluwu amasiyana kutalika, ayaleni papepala mmene analili. Tsegulani ndi kapulasitiki, osati mpeni, ndipo zulani chingwe cha batire musanakhudze china chilichonse. Poika Windows kapena Linux, chithunzi chikagona chammbali musadabwe. Masikirini ambiri aang'onowa anapangidwira matabuleti oimirira, ndipo mumangotembenuza mu Display settings mukamaliza.

Steam Deck imabwera ndi SteamOS, yomwe ndi Linux. Ili ndi Desktop Mode, momwe mungaike LibreOffice ndi Firefox kudzera mu sitolo ya mapulogalamu ya Discover, ndipo kugona ndi kudzuka kwake n'kodalirika kuposa kwa Windows. Koma Microsoft Office ya pa kompyuta siyenda, magemu ngati Fortnite ndi Valorant amakana chifukwa cha mapulogalamu awo oletsa chinyengo, ndipo gawo la system ndi lotseka, moti zomwe mwaikamo mokakamiza zimafufutika pa update yotsatira. Ngati mapulogalamu a zida za makasitomala anu ndi a Windows okha, nkhani yathera pomwepo.

Mukamagula kogwiritsidwapo kale ntchito, tsegulani Command Prompt mulembe powercfg /batteryreport, mufananize Design Capacity ndi Full Charge Capacity. Ikatsika pansi pa 75%, werengerani batire latsopano pa mtengo. Kakhazikeni pa tebulo losalala: kakamagwedera, kapena kiyibodi ikatukuka pakati, batire latupa, kasiyeni. Tsegulani ndi kutseka kangapo mukumvetsera hinji, chifukwa waya wa sikirini umadutsa mmenemo ndipo chithunzi chikamaphethira ndiye kuti wayamba kuduka. Ma joystick muwasiye osakhudza muone ngati akuyenda okha. Somekani chinthu pa bowo lililonse. Ta purosesa ya Atom x5 kapena x7, monga GPD Pocket yoyamba ya mu 2017, sitili pa mndandanda wa zomwe Windows 11 imalola, ndipo Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndiye timeneto n'ta Linux basi. Fufuzaninso ngati batire ndi fani za mtundu umenewo zikugulitsidwabe. Za Steam Deck zimapezeka kwa iFixit, kampani yogulitsa zida zokonzera, mogwirizana ndi Valve, pomwe za makampani ang'onoang'ono zimasowa mtunduwo ukangosiya kupangidwa.