Boti likukana kudzuka pamadzi: mugule pulopela yanji pa injini ya 40 hp?

Bambo wina wa ku Chilenje watumiza imelo. Ali ndi boti la faibala la mamita 5, injini ya Yamaha Enduro ya 40 hp (hp ndi muyeso wa mphamvu ya injini), ndi pulopela yolembedwa 11 1/8 x 13. Akakwera awiri ku Siavonga, pa nyanja ya Kariba, boti limadzuka n'kumatsetsereka pamwamba pa madzi. Akakhala anayi ndi katundu, makamaka mumtsinje wa Kafue, mutu wa boti umaloza kumwamba, kumbuyo kumatitimira, injini imangobuula, boti n'kumalima madzi ngati pulawo. Mnzawo wawauza kuti agule ya pitch 15 kuti izikankha kwambiri. Akufunsa ngati agule.

Bambo, musagule. Ya 15 idzakulitsa vutolo. Inu mukufunika kutsitsa pitch.

Pa manambala awiri aja olembedwa pa pulopela, yoyamba ndi kukula kwa bwalo limene mapiko a pulopela amazungulira, m'mainchi. Yachiwiri ndiyo pitch, kutanthauza mtunda umene pulopela ikanayenda pa kuzungulira kumodzi ikanakhala kuti ikulowa m'chinthu cholimba ngati sikulu m'thabwa. Injini ya boti ilibe magiya osinthasintha ngati galimoto, giya lake ndi pulopelayo. Pitch yaikulu ili ngati kunyamuka ndi giya 4 pachitunda lole itadzaza. Pulopela siwonjezera mphamvu, imangolola injini kufika pa liwiro limene mphamvu zake zonse zimatulukira. Enduro ya 40 inapangidwa kuti mukatsegula mafuta onse izizungulira pakati pa 4,500 ndi 5,500 rpm, kutanthauza maulendo ozungulira pa mphindi imodzi. Ikamakanirira m'munsi mwa pamenepo ndiye kuti 40 hp mwalipira ija simukuipeza, ndipo injini ikuvutika: imatentha, mapisitoni amachita mwaye, mapulagi amada msanga.

Kusiyana kwa Siavonga ndi Kafue si maganizo anu chabe. Nyanja ya Kariba ili pafupifupi mamita 480 pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe Kafue chakumtunda kwa damu la Kafue Gorge ali chapafupi mamita 1,000, ndipo Itezhi-Tezhi ndi wokwerapo pang'ono. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 pa 100 ya mphamvu zake pa mamita 300 aliwonse okwera, chifukwa mpweya umapepuka. Ndiye ku Kariba muli ndi 38 hp, ku Kafue 36 hp. Mu Okutobala dzuwa likaswa mtengo mphamvu imatsikanso. Pulopela yobwera ndi injini kuchokera kufakitale sinasankhidwe poganizira zimenezi.

Musanatulutse kwacha iliyonse, pezani tachometer, kachipangizo koyezera rpm. Pali ting'onoting'ono ta batire timene waya wake mumangokulunga kanayi kapena kasanu pa waya wa pulagi. Muikonze mogwirizana ndi mmene injini yanu imaperekera moto pa kuzungulira kumodzi, apo ayi idzakunamizani. Kusankha pulopela ndi khutu n'kumene kwadzaza magalaja ambiri mu Lusaka muno ndi mapulopela osagwira ntchito. Yesani kawiri pamadzi abata. Koyamba mukhale awiri, boti lidzuke, mutsegule mafuta onse, mulembe rpm ndi liwiro la pa GPS ya foni. Kachiwiri mukweze anthu ndi katundu yense amene mumayenda naye masiku onse. Nambala yachiwiriyi idzakhala yotsika kwambiri, koma musaitenge yokha powerengera, chifukwa boti limene silinadzuke limakoka madzi ambiri ndipo limapanikiza injini. Likangodzuka rpm imakwera yokha.

Lamulo la amakaniko ndi loti inchi imodzi ya pitch imasintha rpm ndi 150 mpaka 200. Tiyerekeze kuti muli awiri mwapeza 4,700, muli anayi 4,200. Mukatsika kuchoka pa 13 kufika pa 11, muli awiri mudzafika cha m'ma 5,000 kapena 5,100, ndipo muli anayi injini idzakhala ndi mpata wodzutsa boti pamadzi. Pa injini imeneyi pali mapulopela a 11 3/8 x 12, 11 5/8 x 11 ndi 12 1/4 x 9. Onani kuti pitch ikamatsika mapiko amakula, zimene zimathandiza kukankha katundu. Ine ndingayambire pa 11. Ya 9 ndi ya boti lolemera zedi, ndipo mukaimanga muyang'anire tsiku limene muli nokha, injini isapyole 5,500. Liwiro la pamapeto mwina lidzatsikako pang'ono boti likakhala lopepuka, komabe boti lodzuka limadya petulo wochepa pa kilomita kusiyana ndi lolima madzi.

Palinso pulopela ya mapiko anayi: imeneyi imagwira madzi bwino ponyamuka, imatukula kumbuyo kwa boti, ndipo imalisunga pamwamba ngakhale mutachepetsa mafuta. Pa vuto lanuli ndi yabwino, ngati mungaipeze. Poti imalemetsa injini kuposa ya mapiko atatu, tsitsani pitch ndi inchi inanso imodzi. Chimodzimodzi pulopela yopindidwa milomo ya mapiko, imene amati cup: imachepetsa kuterereka m'madzi koma imatha kukudyerani rpm pafupifupi 200.

Ya stainless ndi yolimba ndipo mapiko ake ndi opyapyala, koma pa 40 hp phindu lake ndi lochepa poyerekeza ndi mtengo. Kuonjezera apo Kariba ndi yodzaza ndi mitengo imene inamira pamene damu linatsekedwa. Pulopela ya aluminiyamu ikagunda chitsa imapindika kapena kubenthuka, nkhani n'kuthera pomwepo. Ya stainless imatha kupatsira nkhonyayo ku shafiti ndi magiya, ndipo bilu ya giyabokosi si yofanana ndi ya pulopela. Gulani ya aluminiyamu, yakale ija ikhale sipeya m'boti pamodzi ndi nati, mawashala ndi ma split pin.

Pali zinthu zimene zimaoneka ngati vuto la pitch koma sizili choncho, ndipo muziyang'ane musanagule. Ngati rpm ikukwera kwambiri koma boti silikupita, mwina labala la pakati pa pulopela laleka kugwira. Jambulani mzere ndi penti kuchoka pa chitsulo chapakati kufika pa thupi la pulopela, yendani pang'ono, mukapeza mzere wasemphana ndiye kuti labalalo latha. Kachitsulo kopingasa kamene kali pamwamba pa pulopela kazikhala pamzere umodzi ndi pansi pa boti. Injini ikakhala yotsika kwambiri mwendo wake umakoka madzi, ikakwera kwambiri pulopela imameza mpweya. Pini yopendeketsa injini ikhale pabowo loyandikira boti, kuti pulopela izikankhira kumbuyo kwa boti m'mwamba. Ambiri amaisiya pabowo lachitatu kapena lachinayi n'kumadabwa mutu ukuloza kumitambo. Maboti akale a faibala amamwa madzi pansi pa fulo, ndipo lita iliyonse ndi kilogalamu imodzi: litukuleni kutsogolo lili pa ngolo, tsegulani pulagi ya kumbuyo, muone zotuluka. Makaniko ayesenso kompulesheni. Masilinda awiriwo asasiyane kupyola 10 pa 100. Injini yotopa palibe pulopela imene ingaichiritse.

Pomanga yatsopano, giya likhale pa nyutulo, chotsani chingwe chozimitsira injini ndi zipewa za mapulagi. Ikani thabwa pakati pa phiko ndi kachitsulo kopingasa kaja kuti pulopela isazungulire. Musagwire ndi dzanja. Wongolani split pin, masulani nati, sungani mawashala mwa ndondomeko yake. Chotsaninso washala yokhuthala ya kumbuyo, muone ngati pali twaini wa mbedza kapena wa ukonde wokulungika pa shafiti. Twaini ameneyu amadula silu, madzi n'kulowa mu oilo ya giyabokosi. Pakani girizi wosasungunuka m'madzi, bwezani washala ija, chifukwa mukaiiwala pulopela idzakhula giyabokosi. Nati mumange monga buku la injini likunenera, split pin ikhale yatsopano. Pogula werengani mano a shafiti, a injini yanu ndi 13, ndipo ndi bwino kupita nayo yakaleyo kusitolo.

Pali malire amene pulopela singadutse. Mwa chiyerekezo, boti limavuta kudzuka katundu yense akapyola makilogalamu 18 mpaka 20 pa hp imodzi. Ndi 36 hp ya ku Kafue ndiye kuti cha m'ma 700, ndipo m'menemo muli boti lenilenilo, injini ya makilogalamu pafupifupi 70, mafuta, batire, bokosi la ayisi ndi anthu anayi. Mukawerengera n'kupeza muli m'malire, sunthirani thanki, batire ndi ayisi kutsogolo, munthu mmodzi akhale kumutu ponyamuka, abwerere boti likadzuka. Chipsepse chomangirira pa kachitsulo kopingasa, chimene amati hydrofoil, chimathandizanso kutukula kumbuyo. Mukapeza mwapyola 800, pitch 11 idzapepuza injini koma boti silidzadzuka ndi anthu anayi. Pamenepo yang'anani kapepala ka kumbuyo kwa boti konena mphamvu yokwera imene limaloledwa, muone ngati 60 hp ingakwanepo.