Musachotse ma VLAN, yambani mwaona chingwe cha trunk

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati pa loji yomwe mumasamalira ku Senga Bay pali ma switch atatu (mabokosi olumikiza zipangizo pa netiweki), makompyuta a mu ofesi ali pa VLAN 10 (VLAN ndi gawo la netiweki lopatulidwa mkati mwa ma switch), makamera pa 20, wifi ya alendo pa 30, ndipo dzuwa likangolowa makamera a nyumba za kugombe amayamba kudukaduka, ping (lamulo loyesera ngati chipangizo chikuyankha) nayonso n'kumataya mapaketi, tizidutswa ta uthenga toyenda pa netiweki. Abwana akuti mugule switch ina, inuyo mukuganiza zochotsa ma VLAN onse kuti zibwerere mwakale. Zonse ziwirizo ziimikeni kaye.

VLAN ikalakwika kakonzedwe, kawirikawiri sisankha kuti paketi iyi idutse, iyi itsale. Mukaiwala kuiloleza pa trunk, chingwe chonyamula ma VLAN onse pakati pa ma switch, kapena mukaika port (bowo lolowetsamo chingwe) m'VLAN yolakwika, palibe chimene chimadutsa, kaya m'mawa kaya usiku. Vuto lanuli limadziwa nthawi, limadikira madzulo. Ndiye funso n'lakuti, n'chiyani chimasintha pa lojipo kukamada? Ine ndikuona ziwiri. Alendo abwerako kunyanja, asamba, aliyense wagwira foni kuonera mavidiyo. Nthawi yomweyo makamera ayatsa timagetsi take toonera mumdima, ndipo ayamba kukoka mphamvu yoposa ya masana.

Tiyambe ndi alendowo. Ambiri timaganiza kuti tikagawa netiweki m'ma VLAN ndiye kuti aliyense wapeza msewu wake. Sizili choncho. VLAN ili ngati nsalu yogawa chipinda: anthu saonana, koma onse amatulukira khomo limodzi. Khomo limenelo ndi chingwe cha trunk chochoka kugombe kupita ku ofesi. Lowani mu switch, muone liwiro limene port ya trunk ikuyendera. Ngati pakulembedwa 100 Mbps pomwe ma switch onse awiri ndi a 1000, yomwe ndi gigabit, wakuba mwamugwira. Gigabit imafuna mawaya onse asanu ndi atatu a m'chingwe, pomwe 100 Mbps imakhutira ndi anayi, a pa 1, 2, 3 ndi 6. Limodzi mwa mawaya anayi otsalawo likaduka kapena kuchita dzimbiri, ma switch ambiri amangotsikira pa 100 mwakachetechete, getsi lobiriwira lili ngwee, inu osadziwa kanthu. Kamera imodzi ya 1080p imatha kudya 4 Mbps, nthawi zina kuposa apo usiku chithunzi chikachita mchenga. Werengerani makamera anu, muphatikizepo alendo, muone ngati 100 ingakwane.

Ping muzichita mwadongosolo. Musayambe ndi adiresi ya pa intaneti ngati 8.8.8.8, chifukwa pamenepo mwasakaniza mavuto anu ndi a kampani yokupatsani intaneti. Tengani laputopu, muilumikize ndi chingwe, osati wifi, pa port ya VLAN 20 ya switch yakugombe cha m'ma 7 koloko madzulo. Pa Windows lembani ping -n 500 (kutumiza ping maulendo 500) kupita ku kamera ya pa switch yomweyo, kenako kupita ku makina osunga zithunzi a mu ofesi. Yoyamba ikayera yachiwiri n'kutaya, vuto lili pakati pa ma switch. Sunthirani pa switch yapakati, mubwereze. Koma musadalire ping yopita ku IP ya switch yeniyeniyo. Ntchito yopatsira mapaketi imachitika ndi tchipisi tina, pomwe kuyankha ping ndi ntchito ya CPU yake yaing'ono, ndipo ikatanganidwa imangonyalanyaza. Ndaona anthu akutaya switch yabwinobwino chifukwa cha zimenezi.

Mukapeza dera lomwe likutaya, switch ikuuzani yokha chifukwa chake, bola muifunse. Pa Cisco lembani clear counters kuti mufufute manambala akale a zolakwa, dikirani mphindi khumi, ndiye show interfaces. Pa MikroTik kapena TP-Link manambala omwewo ali pa tsamba la ma port. Kufufuta kaye n'kofunika, chifukwa zolakwa zomwe zinaunjikana miyezi yapitayo sizikuuzani za lero. CRC ikamakwera, ndiye kuti mapaketi akufika owonongeka, ndipo wolakwa ndi chingwe, mutu wake kapena port. Mukaona late collisions mbali imodzi, CRC mbali inayo, onani duplex, kakonzedwe konena ngati port imatumiza ndi kulandira nthawi imodzi (full) kapena mosinthana (half): mwina wina anakhomera full pa switch imodzi n'kusiya inzake pa auto, ndiye ya auto ija inagwera pa half. Ikani auto konsekonse. Koma ngati CRC ili pa ziro, output drops (mapaketi otayidwa posowa mpata wotulukira) n'kumakwera, chingwe chilibe mlandu, khomo ndi lomwe lachepa. Pamenepo chepetsani liwiro la VLAN ya alendo, kapena onjezani chingwe chachiwiri muzimange pamodzi pogwiritsa ntchito LACP, njira yochititsa zingwe ziwiri kugwira ntchito ngati chimodzi.

Za chingwe ndiziyankhula motsindika, poti kuno kunyanja n'kumene mavuto ambiri amagona. Cha Cat5e kapena Cat6 malire ake ndi mamita 100, ndipo nyumba za m'maloji zimatalikirana, anthu amangokoka osayeza. Zingwe zina zotchipa si za kopa weniweni. Sendani waya mmodzi, mum'pale ndi mpeni. Mkati mukayera mbuu ngati sefuliya, ndi aluminiyamu wopakidwa kopa, ndipo pa PoE, pomwe chingwe chomwecho chimanyamulanso magetsi a kamera, amatentha n'kumataya mphamvu panjira. Solomolani mutu wa RJ45 muuyang'ane padzuwa. Mano ake akaoneka obiriwira, chinyontho chalowa. Kwerani kudenga muone ngati makoswe sanatafune, kapena ngati chingwe cha m'nyumba sichinagonekedwe pamalata, pomwe dzuwa la Okutobala la ku Salima limachiumitsa mpaka chikopa n'kumatetekera m'manja. Ndalama zomwe abwana akufuna kugulira switch, ine ndikanawapempha kuti zipite ku fibre, chingwe cha galasi, yolumikiza ofesi ndi kugombe. Mtunda sikhala nkhani, komanso mphenzi ya dzinja siyenda m'galasi, pomwe kopa wokokedwa pakati pa nyumba ziwiri amaotcha ma port mvula ikagwa ndi ziphaliwali.

Tsono za mphamvu. Port ya PoE ya mtundu wa 802.3af imapereka mawati mpaka 15.4, ya 802.3at mpaka 30, koma switch yonse ili ndi malire ake. Masana makamera amakwana, usiku akayatsa timagetsi taja malire amapyola, switch n'kuzimitsa port ina. Kamera imazima, n'kuyakanso, ndipo kwa woyang'ana pa sikirini zimaoneka ngati mapaketi akutayika. Onani mu log ngati ma port akuzima n'kuyakanso madzulo, muyerekezenso mawati omwe akugwiritsidwa ntchito masana ndi usiku.

Chinanso chinandionekera ine pa ofesi ina ku Nkhotakota. Netiweki yonse inalemera mwadzidzidzi, magetsi a ma port onse akuphethira limodzi mothamanga. Tinafufuza tsiku lathunthu. Pomaliza tinapeza kuti wina pokonza m'chipinda anaona chingwe chili lende pansi pa tebulo, n'kuchilowetsa m'ka switch kakang'ono komwe mutu wake winawo unali kale. Mapaketi a broadcast, omwe amatumizidwa ku zipangizo zonse, ankangozungulira osatha. Pa loji, pomwe ogwira ntchito amasuntha zinthu tsiku ndi tsiku, onetsetsani kuti RSTP, yomwe imatseka kuzungulira kotereku, ndi yoyatsa, muikenso BPDU guard, yomwe imatseka port ikamva uthenga wa RSTP wochokera ku switch, pa ma port a anthu wamba. Uthenga woti MAC (nambala yozindikiritsa chipangizo) imodzi ikuoneka pa ma port awiri mosinthasintha ndi chizindikiro cha kuzungulirako.

Pa ma VLAN enieniwo onani ziwiri zokha. Native VLAN, yomwe mapaketi ake amayenda pa trunk opanda chizindikiro, ikhale yofanana mbali zonse za trunk. Komanso chizindikiro cha 802.1Q, chosonyeza VLAN ya paketi, chimaonjezera mabaiti 4, furemu (paketi yonse pa chingwe) ya mabaiti 1518 n'kufika 1522, ndipo ka switch kakalekale kapena media converter (kabokosi kolumikiza zingwe za mitundu yosiyana) yomwe inaikidwa pakati itha kumataya zazikuluzo n'kumadutsitsa zazing'ono. Yesani ping -f -l 1472, yomwe imatumiza paketi yaikulu yosaduliza. Ikakana pomwe ping wamba ikuyenda, funani kachipangizo kameneko.

Chonde musinthe chinthu chimodzi pa nthawi, n'kulemba m'kope chomwe mwasintha. Lero ingofufutani ma counter, mujambule tsamba la port ya trunk nthawi ya nkhomaliro, mujambulenso 7 koloko madzulo, limodzi ndi tsamba la PoE. Mutitumizire muno tionere limodzi musanapite ku Lilongwe kukagula chilichonse.