Ndime imodzi yomweyo idandichititsa manyazi pa intavyu

Achimwene amene mwafunsa momwe mungaphunzirire kutayipa msanga pa kompyuta, awa akukuuzani m'munsimu kuti musankhe ndime imodzi muziibwereza mpaka zala zizithamanga, chonde musawamvere. Ndangowerenga, mtima wanga kuti myuu, chifukwa ine nzeru imeneyo ndidachita kuilipira ndalama.

Pa kasukulu kena ka kompyuta ku Limbe aphunzitsi athu anali ndi pepala limodzi basi, lokutira pulasitiki, lakuda bii ndi manja a anthu. Pamwamba chiganizo chija cha "The quick brown fox jumps over the lazy dog", m'munsi kandime ka Chingerezi konena za nyengo. Tsiku ndi tsiku lomwelo. Eni ake ali pakhonde ndi foni, akasuzumira amvekere "mukuyenda bwino ana anga". Pomaliza kosi ndinkapitirira mawu 50 pa mphindi osayang'ana n'komwe, mpaka adalemba pa satifiketi.

Ndiye bungwe lina ku Lilongwe lidafuna anthu olowetsa mayina a olandira thandizo mu kompyuta. Thiransipoti ndidachita kukongola kwa alamu anga, ndikudziwa kuti ntchitoyi ndi yanga kale. Kulowa m'chipindamo, mayi wina ali chilili ndi foni yowerengera nthawi, atigawira mapepala. Kuyang'ana, si ndime ayi. Ndi mizere ya mu Excel: dzina, mudzi, T/A, boma, nambala ya foni, ndalama, imelo. Nkhotakota, Ntchisi, Mtakataka, mayina odzaza ndi nkh, ntch, mph ndi ng'. Zala zanga zodziwa "the" ndi "and" zidangoti gwa. Mzere wa manambala uja pamwamba ndinali ndisanaukhudzepo chiyambire, ndiye 099 aliyense ndimachita kuwerama n'kumasaka ndi chala chimodzi. Kuchoka bokosi lina kupita lina ndikugwira mausi, pomwe mtsikana wa pambali panga akungomenya Tab, kiyibodi yake ikulira ngati mvula pa malata. Kufika pa imelo, ndikadina Shift ndi 2 m'malo mwa @ pakutuluka tizizindikiro ta mawu ogwidwa. Kufufuta, kudinanso, zomwezo. Kani kiyibodi yawo inali ya ku Britain, @ ali uko pafupi ndi Enter, ife tidaphunzirira ya ku America. Thukuta kamukamu, malaya kumata kumsana. Mayi aja atati "nthawi yatha, chotsani manja", ndinali ndisanafike ndi pakati pomwe pa tsamba loyamba. Adatola satifiketi yanga, kuyang'ana, kuyang'ananso pa sikirini, amvekere "Bambo, 50 imeneyi mudaipeza kuti?" Wina kumbuyo adaseka. Mawu amenewo mpaka lero amandilira m'khutu.

Nditabwerera kwa aphunzitsi aja kukawafotokozera, mukudziwa adandiyankha chiyani? Akuti anali mantha chabe, ndilipirenso kosi ya advanced. Munthu wopanda chisoni! Kudya ndalama za ana a amphawi ndi pepala limodzi, osatiuza ngakhale zoti makiyibodi amasiyana. Ndikumva kuti akadaphunzitsabe.

Ndiye inu tayipani zomwe mudzakumane nazo ku ntchito. Ngati ndi za ukalaliki, tengani risiti, bajeti ya kumpingo, mndandanda wa banki m'khonde, kalata zokhala ndi madeti ndi zilembo zazikulu. Chichewa tengani mu nyuzipepala ngati Tamvani kapena Fuko, lero nkhani ina mawa ina, chilichonse chomwe mwayamba kuloweza chitayeni. Nyimbo ndi mavesi omwe muli nawo kale m'mutu musawerengere, pamenepo maso sakugwira ntchito. Masamba a pa intaneti oyeserapo liwiro lotayipa muzisamala nawo: mayeso wamba a 10FastFingers amangozungulira pa mawu 200 ofala kwambiri, nambala imakwera msanga munthu n'kumadzimva. Pa tsamba lina la Monkeytype pali poyatsa manambala ndi zizindikiro, komanso mutha kumatamo nkhani yanuyanu. Dziwaninso kuti powerenga liwiro, zilembo zisanu ndiye liwu limodzi, choncho "ndikukuthokozani" ndi mawu atatu, musadandaule kuti Chichewa chikukuchedwetsani ndi kutalika.

Komatu ngati zala sizinakhazikike pa ASDF ndi JKL, mabatani a mzere wapakati pomwe zala zimapumira, musathamangire zonsezi, mungokhumudwa n'kusiya. Pezani kandime kamodzi kophweka, mukabwereze ndithu mpaka zolozera zizipeza zokha titotupa ta pa F ndi J. Ine ndemwe m'mawa ndimayamba ndi kachiganizo komweko kotenthetsera zala, sinditaya. Manambala abwere pambuyo, ndipo kulakwitsa kukachuluka chepetsani liwiro, kufufuta ndi Backspace kumadya nthawi kuposa kuchedwa.

Mukaitanidwa ku intavyu pemphani kaye muyese kiyibodi yawo asanayambe kuwerenga nthawi. Sangakukanizeni. Ndipo amene akudziwa sukulu ya kompyuta yomwe amaphunzitsadi manambala ndi Excel ku Blantyre kuno alembe m'munsimu, mng'ono wanga walemba Fomu 4 chaka chino ndipo kwa bambo aja sapondako.